Mfuti Imene Ndinamugulira Corinne

Coudersport, Pennsylvania
5 Disembala 2018

Okondedwa achemwali a Marlys,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Tucson pamodzi ndi alamu. Kuno chipale chagwa kale kawiri, ndipo bondo la abambo layambanso kutupa, ngakhale iwo akuti ndi bodza la adokotala. Ndamva kuti achimwene a Royce anakutumizirani chithunzi cha Corinne pafoni. Musadandaule, diso silinakhudzidwe. Anamusoka pansidze ndipo ulusi achotsa dzana. Koma popeza mwangoona chithunzi, ndati nkhani yake muimve kwa ine bambo wake.

Chaka chino Corinne wakwanitsa zaka khumi ndi ziwiri, ndiye inali nthawi yake yoyamba kupita kumsasa kukasaka agwape. Za mfuti ndinayamba kuziganizira kale kwambiri. Mwanayu ndi wochepa thupi ngati mayi ake. Ndinamuyeza mkono kuchokera pachigongono mpaka pachala, ndinafufuza diso limene amalozera bwino, ndinafunsanso kwa anthu ophunzitsa ana kuwombera. Mapeto ake ndinagula ya .243, yopepuka, ya thako lalifupi, yosakankha phewa. Loweruka lililonse tinkapita kudzenje lakale la miyala kukayeserera. Achemwali, mwanayu ankawomba bwino. Zipolopolo zake zinkagwera malo amodzi oti mukhoza kuphimba ndi chikhatho. Pobwerera ankayimba m'galimoto.

Titafika kumsasa Lamlungu, abambo anaitenga mfutiyo, kuitembenuza uku ndi uku, n'kuyamba kuseka.

"A Pulofesa, kachidoleka mwakagula kuti? Kophera agologolo?"

"Ndi yomuyenera, bambo. Ndinamuyeza."

"Mwamuyeza? Mdzukulu wanga wasanduka madzi a kuntchito kwanu aja, oti muzidontheza m'timabotolo?"

A Royce ndi anzawo anaseka. Kenako abambo anatsitsa Bulu pakhoma. Simunamuiwale Bulu, chimfuti cha .30-06 chija anachipatsa dzinali chifukwa cha theche lake. Anachiika m'manja mwa mwana.

"Tamva iwe. Wa kwa Kessler aliyense gwape woyamba amaphera uyu. Royce anaphera uyu. Azakhali ako a Marlys anaphera uyu. Amene anamuthawa ndi bambo akowa basi."

Corinne anandiyang'ana. Ine nthawi imeneyo ndinali kuika nkhuni m'mbaula, ndipo ndinaganiza kuti ndi bwino ndilankhule nawo m'mawa anthu atachepa. M'mawa munachuluka piringupiringu, mukudziwa mmene tsiku lotsegulira nyengo yosaka limakhalira. Abambo anati mwana akhala naye ndi iwo paphiri, ine ndipite kukhwawa kukakusira agwape kumtunda. Ndinapita.

Ndinamva kulira kwa mfuti kamodzi. Nditafika, ndinapeza Corinne atakhala pansi, magazi ali chuchuchu kumaso. Thako la Bulu ndi lalitali, ndiye kuti aone bwino anasendeza nkhope pafupi ndi galasi lolozera, ndipo mfuti itakankha galasilo linamutema. Izi ndi zimene ndinkaopa, zinalembedwa m'buku lililonse limene ndinawerenga. Abambo anali kumusisita pamsana, akuti, "Bulu wakupsompsona, tsopano ndiwe wathu."

Gwape amene anamuwomberayo anali wamphongo, wanyanga zabwino. Pamene anaima panali magazi akuda osakanikirana ndi udzu wogayika. Inu mukudziwa tanthauzo lake: chipolopolo chinalowa m'mimba. Ine ndinathamangira ndi mwana kuchipatala, a Royce anatsata magaziwo mpaka anathera m'dambo. Sanamupeze. Nyama yolasidwa m'mimba siifa msanga, imagona penapake n'kumavutika. Zimenezi palibe amene anamuuza Corinne, ndipo inenso sindinamuuze.

Atamusoka anakakamira kuti tibwerere kumsasa. Pa chakudya chamadzulo a Royce anagogoda patebulo ndi supuni nati khoti lakhala. Mwambo uja ukadalipo: wophonya gwape amamudula nsalu yakumbuyo kwa malaya n'kuikhomera pakhoma.

"Woimbidwa mlandu aimirire," anatero a Royce. "Ukuvomera kapena ukukana?"

"Ndikuvomera, amalume. Koma malaya anu alipo angati pakhomapo?"

Anthu anafa nacho chiseko. Abambo mpaka anapukuta misozi. Mpeni unaperekedwa kwa ine, poti amadula ndi kholo. Ndikanakana ndikanamuchititsa manyazi mwana pamaso pa anthu, ndi mmene ndinaonera. Ndiye ndinadula. Anali malaya atsopano, aubweya, ndinasankha ndekha.

Tsopano ndifike pa zimene a Royce sakuzidziwa. Munthu akamenyedwa ndi mfuti, thupi limasunga mantha ngakhale mwini wake akane. Amatsinzina ndi kugwedeza mfuti asanakhethemule. Njira yodziwira ndi yodziwika kwa aphunzitsi onse: umamuikira wekha chipolopolo, ndipo nthawi ina umamupatsa mfuti yopanda kanthu iye osadziwa. Lamlungu lapitali ndinamutengera kudzenje la miyala ndi mfuti yake ija, ndinachita zomwezo. Itangoti khethe, popanda kulira, ndinaona zonse. Maso anatsinzina onse awiri, mutu anabweza, mlomo wa mfuti unaloza pansi.

Ndinati, "Waona?"

Sindinanene mokalipa, achemwali. Ndinkafuna aone vuto kuti tilikonze pang'onopang'ono. Mwina nkhope yanga inaoneka ngati ya munthu amene wapambana, sindikudziwa. Iye anatsegula mfuti, kusuzumiramo, n'kuiika pansi bwinobwino monga ndinamuphunzitsira.

"Mwandinamiza, adadi."

"Si kunamiza, ndi njira yophunzitsira."

"Mumafuna ndilephere kuti muwaonetse agogo kuti munkanena zoona."

Pobwerera nyimbo zija panalibe. Atafika kunyumba anawaimbira foni agogo ake. Nyengo yosaka ikutha Loweruka lino, ndipo agwirizana kuti apita awiri, ndi Bulu. Lamulo limangofuna kuti mwana akhale ndi wachibale wamkulu, silinena kuti wamkuluyo akhale womva. Ndinawaimbira abambo n'kuwafotokozera za kutsinzina kuja. Anandiyankha kuti, "Mantha amatha ndi kuwomba, a Pulofesa. Inu anu anatha ndi chiyani?" Mayi ake a Corinne akuti ndikamuletsa ndiye kuti ndamutaya, ndipo ndikuona kuti akunena zoona. Kusukulu Corinne akuonetsa chipsera kwa aliyense. Dzulo anandifunsa ngati mfuti yake ingabwezedwe kusitolo, n'kuwonjeza kuti, "Pepani, ndikudziwa kuti munavutika nayo." Anandilankhula mwaulemu ngati mlendo.

Ndiye mwana amene ankawomba bwino kuposa munthu aliyense kumsasa kuja apita kukaloza nyama yamoyo atatsinzina, ndi mfuti yosamuyenera, pambali pa nkhalamba imene imati kuwawa ndi mphatso. Akapha, ndiye kuti abambo ankanena zoona, ndipo ine sadzandimveranso. Akalasanso wina m'mimba, adzadziwa yekha chimene magazi akuda amatanthauza. Ndakhala ndikudzifunsa chimene ndikufuna pa ziwirizi, ndipo yankho lake silikundisangalatsa.

Abambo amamvera inu nokha, izi tonse timadziwa. Mwina mukudabwa kuti bwanji sindinaimbe foni, poti kalatayi ifika Loweruka litadutsa. Ndinawerengera, ndikudziwa. Foni ndinaigwira kangapo. Koma nanunso munaphera Bulu, ndipo ndinaopa kumva mukuseka n'kunena kuti, "Wendell, usade nkhawa, tonse tinadutsamo." Mawu amenewo sindikanatha kuwamva kuchokera kwa inu.

Pempho langa ndi laling'ono. Mukamaimba foni pa Khirisimasi, musamuyamikire chipsera chija. Mumufunse zina, za kusukulu, za galu wake. Ndipo ngati mungapeze mpata, popanda kunena kuti ndakutumani, mumuuze kuti bambo ake sankafuna kupambana aliyense. Kwa inu mwina akhulupirira.

Perekani moni kwa alamu ndi kwa ana. Abambo akupereka moni, akuti mubwere chaka chamawa mudzaone mmene mdzukulu wawo akuwombera. Corinne ndamufunsa ngati ali ndi mawu oti ndilembe. Wati akuuzani yekha, agogo ake akamakuimbirani foni.

Ine mlongo wanu,
Wendell