Tambala wa pa Misa

Lamulungu madzulo. Mtima ukugundabe, koma lero si chifukwa cha chisoni.

Tsiku lomaliza limene tinakhala bwinobwino ndi mayi a kunyumba, ankandiphunzitsa kuvina pakhonde, pokonzekera kuperekeza mphatso ku guwa. Anaseka mpaka kukhala pansi. "Bambo, mukuvina kapena mukukankha wilibala?" Mawa lake anagonekedwa m'chipatala, ndipo sanabwereko. Kuyambira pamenepo ku Misa ndimakhala pa benchi yakumbuyo, n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe.

Lero unali mphakati wathu wa ku Naperi woperekeza mphatso. Ndisanakane, aNachisale, apampando athu, anandiika tambala wamoyo m'manja. "Malo a anzathu asakhale opanda munthu. Lowani pamzere." Ndinkaopa kuti ndilira anthu akuona.

Ng'oma itangoyamba, tambala anamasula mwendo umodzi. Iye uku, ine uku, kulimbana naye kuti asathawe. Amayi a mphakati anayesa ndi sitepe yatsopano, nthungululu tchalitchi chonse! Tikufika ku guwa, tambala uja kokoliriko! Bambo Mfumu anabisa nkhope m'buku la Misa, mapewa akugwedezeka. Inenso ndinaseka, mokweza ndithu.

Nditafika kunyumba ndinatsegula sutikesi ya mayi, imene ndakhala ndikuopa kuikhudza. Zitenje, mipango ndi nsapato ndakapereka kwa amayi a mphakati kuti azivinira. Alandira ndi manja awiri, ati Lachitatu ndisajombe, ndikawaphunzitse sitepe ija. Ndavomera. Koma popanda tambala, kaya ndikayambira pati...