Kusala kwa Wubit

Lamulungu, 27 mwezi wa Miyazya

Pasaka. Masiku 55 osalawa nyama, mazira kapena batala atha. Ndaphika nkhuku ziwiri, tsabola wake mpaka aneba kuyetsemula. Wubit, mwana wanga mmodzi yekhayo, wangonyambita dzira, ati m'mimba simunazolowere. Aneba athu, Mayi Tiruwork, anati, "Uyutu ndi wakumwamba, osati anga aja oba mkaka Lachisanu Loyera." Ndinamva kukoma, ndisaname. Nyengo yonseyi ndakhala ndikumutama pa khofi: ena amamasula masana, wanga mpaka dzuwa kulowa, ndiye nyemba zokazinga zapadzanja basi.

Lolemba, 28 Miyazya

Diresi yoyera imene ndinamusokera chaka chatha ikungolendewera. Ati telala analakwitsa. Telalayo ndine.

Lachitatu, 30 Miyazya

Ndamuitana kudzadya. "Lero Lachitatu, Amayi, ndikusala." Ndinati chabwino, n'kubwerera pa makina osokera. Ndapalasa, ndapalasa, phazi linaima lokha. Lachitatu liti? Kuchokera pa Pasaka, masiku makumi asanu palibe amene amasala, ngakhale amonke akumapiri. Zimenezi ndinamuphunzitsa ndine.

Ndinakalipa mpaka mawu kusasa. Iye maso pansi. Potuluka ndinaona galu wathu mmene wanenepera. M'nyengo yosala, galu kunenepa! Ndiye kuti chakudya cha Wubit chimathera kwa iyeyo.

Lachinayi, 1 mwezi wa Ginbot

Mtima suli m'malo. Mkono wa malaya a eni ndausoka chagada kawiri.

Lachisanu, 2 Ginbot

Ndamukokera kwa Aba Yitbarek, wansembe amene timalapako, kuti amulamule adye. Sanamulamule. Anangofunsa, "Mwana wanga, ukamasala umapempha chiyani?" Wubit anayankha motsitsa: "Sindipempha kanthu, Aba. Ndikadya, mumtima mumabwera mawu oti ndine wonyansa."

Aba anatembenukira kwa ine. "Mayi, madzi odalitsa ndikupatsani. Koma Lolemba mukalawirire kuchipatala. Uku si kusala."

Manyazi ndi mantha zinandigwira pamodzi. Miyezi iwiri ndikuombera m'manja mwana akutha.

Lolemba, 5 Ginbot

Sikelo: makilo 38. Mtima ukugunda mwaulesi. Kumwezi anasiya kalekale, ine mayi wake osadziwa.

Dokotala ndi kamtsikana, koma sikaopa munthu. "Si mwano, Mayi, si ziwanda. Ndi matenda a m'maganizo. Amachizika, koma mukawalekerera amapha." Lachiwiri lililonse Wubit azikacheza ndi mlangizi, ine ndizipita naye. Kunyumba adye pang'onopang'ono, kasanu pa tsiku. Sabata ino akatsikanso, amugoneka.

Ndinati nanga ndikamakulunga injera, buledi wathu wopyapyala uja, ndi dzanja langa n'kumuika m'kamwa, monga timachitira ndi amene timamukonda? Ndani amakana zimenezo? Anati ayi, kwa iye chingakhale chilango. Ndizikhala naye mpaka amalize, koma osamukakamiza m'kamwa, osakalipa.

Ine osakalipa! Malemu bambo ake akanaseka mpaka kugwa pampando.

Lachiwiri, 6 Ginbot

Mayi Tiruwork afunsa za woyera wathu. Ndati akudwala. Ati chiyani? Ndati matenda. Khofi wawo anamwa mofulumira.

Lachinayi, 8 Ginbot

Nkhomaliro. Injera theka, mphodza masupuni atatu. Wubit wayang'ana mbaleyo pafupifupi ola, misozi ikugwera pa tebulo. Mawu anali atandifika pakhosi. Ndinakhalira manja anga.

"Amayi, ndikuopa."

"Inenso."

"Musandiyang'ane."

Ndinanyamula mpando n'kuutembenuza. Ndinakhala ndikuyang'ana khoma, mng'alu uja ndimati nditseka mvula isanabwere. Nthawi inapita. Kenako kumbuyo kwanga ndinamva mbale ikukhwekhwereza pa tebulo, ikupita chakumene kuli iye.

Khosi likundiwawa mpaka pano. Sindinacheuke.