Mizere Yanga ya Tiyi

Khonjeni, Thyolo
14 Malichi 2024

Okondedwa achimwene a Nathan,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno mvula yagwa mokwanira, tiyi waphukira, koma amayi miyendo ikuwavutabe.

Mukukumbukira K400,000 ija malemu bambo anakongola kwa a Douglas, akapitawo a ku esiteti, kuti inu mupeze pasipoti ndi thiransipoti? Sabata yatha a Douglas anabwera. Sanakalipe. Anangovula chipewa n'kunena kuti, "Sellah, zaka zitatu zakwana. Ine ntchito ndinapuma. Kukhoti sindikufunako, koma ndidya chiyani?"

Ndinali ndi K60,000 yokha, ndipo ndinawapempha kuti alandire imeneyo, yotsalayo aiwale. A Kate, aphunzitsi amene akuchita lendi kwathu, anandiitanira pambali. "Kupereka pang'ono sikufafaniza ngongole," anatero. "Mawa akhoza kudzafuna yotsalayo. Apatseni china chimene angavomere m'malo mwa ndalama, ndipo mulemberane."

Ndiye tinagwirizana kuti a Douglas azithyola tiyi m'mizere yanga yakumunsi, ija anandigawira amayi, kwa zaka ziwiri, ndipo ngongole ithere pomwepo, tiyiyo achite bwino kapena ayi. Tinasaina, a Kate n'kukhala mboni. A Douglas anang'amba kapepala ka ngongole kamene bambo anasaina ine ndikuona. Mtima unapepuka, ngakhale kuti mizere imeneyo ndiyo inkalipira fizi ya mwana wanga Tamando. Ndayamba ganyu yothyola ku esiteti, musadandaule.

Tsopano ndiulule. Tsikulo amayi anali kuchipatala, ndipo kumunsi kwa munda safikako. Atabwera ndinawauza kuti, "Achimwene atumiza ndalama, ngongole yatha." Sindikudziwa kuti bodzali linachokera kuti. Amayi anayamba nyimbo ya Chilomwe misozi ili m'masaya. Ndinalephera kuwauza zoona.

Sindikufunsani chifukwa chimene mwakhalira zii chaka chonse. Mwina kumeneko zinthu zathina ndipo mukuchita manyazi. Dziwani kuti a Douglas sakufunaninso kanthu, inenso chimodzimodzi.

Tamando akupereka moni. Amayi akuti ndikuuzeni kuti zikomo, ankadziwa kuti mwana wawo sangawaiwale. Chonde imbani foni Lamlungu, ndipo akamathokoza, ingovomerani.

Ndine mlongo wanu,
Sellah