Zimene Ndinaona Potuluka m'Bala ya Kudoko

Lachinayi, 6 Epulo 1978

Mvula chiyambire m'mawa. Kufakitale makolala a malaya okhaokha, zala zatupa.

Gillian, mnzanga wa pamakina oyandikana ndi anga, akuti Loweruka kuli zoimbaimba m'tauni, m'chipinda chapamwamba pa bala ina ya kudoko. Nyimbo zija akuzitcha panki. Oimba ake ndi anyamata a msinkhu wathu, ena gitala anayamba kuigwira pa Khirisimasi pomwepa. Ndamufunsa kuti balayo ndi ya mbali iti, yathu Aprotestanti kapena ya Akatolika. Waseka. Akuti, "Kumeneko safunsa, iwe Hazel." Mu Belfast muno malo osafunsa ndi ati?

Amayi ndawauza kuti Loweruka ndikagona kwa Gillian. Trevor anali patebulo, maso pambale. Chilowereni gulu la amuna a kukalabu aja, amene amati akuteteza dera lathu, mchimwene wangayu salankhulanso pakudya. Amangotchera khutu.

Loweruka, 8 Epulo

Kwa Gillian. Tang'amba malaya akale a Abambo, tawalumikiza ndi mapini a thewera. Tsitsi taimika ndi madzi a shuga, ntchentche zikanakhalapo bwenzi zikutitsata. Mayi ake a Gillian atiyang'ana kamodzi, nkuti, "Asilikali akakugwirani, dzina langa musatchule. Sindikukudziwani."

Chakudya chakanika kulowa.

Lamlungu, 9 Epulo

Makutu akulirabe. Kutchalitchi ndimangoona pakamwa pa abusa pakuyenda.

Ndilembe zisanandithawe. Pachipata cholowera m'tauni asilikali anatisecha zikwama, mmodzi anafunsa ngati tagwidwa ndi magetsi. Balayo ili ndi waya wachitsulo pakhomo, umaliza belu, wina amakusuzumira kaye. Pansi, madoda a kudoko ndi mowa wawo wakuda, kutiyang'ana ngati tagwa kumwamba. Masitepe opapatiza, onyowa, onunkha mowa wa dzana.

M'mwamba, chipinda chosaposa kalasi. Denga lotsika, thukuta la anthu likudontha kuchokera kudengako. Kuthinana koti mkono ukaukweza sungautsitsenso. Anyamata anayi pansanja ya matabwa ndi makreti a mowa. Woimba anawerenga mokuwa, ndipo phokoso linandimenya pachifuwa ngati chitseko. Nyimbo iliyonse yaifupi, ukamati yayamba, yatha. Chingwe cha gitala chinaduka, sanasiye. Kuvina kwake nkudumpha basi, m'mwamba, pansi, kugundana mapewa. Ena kutsogolo kulavulira oimba, akuti ndiye ulemu wake. Woimbayo ankangopukuta ndi mkono nkuwatukwana, iwo kuseka.

Mawu ndinamvako ochepa. Za ulova, za mabasi owotchedwa, za kutopa ndi maliro. Nyimbo imodzi inkangobwereza kuti nkhondo iyi tinaipeza, si yathu. Chipinda chonse kukuwa nawo. Inenso. Sindinkadziwa kuti mawu anga amafika pamenepo.

Ndinagwa, wina anandidzutsa pondikoka kolala. Mtsikana wamfupi, tsitsi lometa mbali imodzi, milomo yopaka zakuda. Dzina lake Dympna. Dzina lokhalo linandiuza kuti ndi Mkatolika, langa nalo linamuuza za ine. Tinayang'anana kanthawi. Iye nkuti, "Msewu wakwanu usanditchulire, wakwathu sindikutchulira. Gwira mowa uwu, ndimange nsapato."

Woimba ng'oma ndi mchimwene wake, Fintan. Wowonda ngati mzati, amamenya ng'oma ngati zinamulakwira. Dympna ankamukuwira kuti akuchedwa, iye nkumuponyera ndodo. Tinadumpha limodzi mpaka kumapeto. Ndinamuuza kumene ndimagwira ntchito. Akuti tiyambitse gulu lathu la atsikana, iye ng'oma, ine kukuwa. "Kuimba sikofunika, waona wekha."

Chibadwireni ndinali ndisanagwirepo dzanja la Mkatolika. Lotentha, lathukuta.

Za potuluka sindilemba lero.

Lolemba, 10 Epulo

Ndasoka makolala mozondotsa. Kapitawo wandikalipira pamaso pa onse, ine ndimangomuyang'ana.

Ndilembe basi.

Titatuluka, anthu anabalalika msanga kuthamangira mabasi omaliza. Gillian anatsogola nawo kukagula tchipisi. Ine ndinatsalira pakhomo, pini ina inali itandibaya pabondo, ndinawerama kuti ndiichotse. Dympna anali akadali m'mwamba, akupinda zingwe za magitala. Fintan anatuluka yekha atakumbatira ng'oma yaikulu, kulowera pakona pamene panali galimoto ya mnzake.

Panalinso galimoto ina, nyale zozimitsa. Munatuluka amuna anayi, masikafu kumaso. Sanafunse kanthu. Ng'oma inagubuduka mumsewu. Anamugwetsa, awiri anamuponda mikono, wachitatu ndi chitsulo chomasulira matayala, pazala. Mmodzi anamuponda kumaso kuti asiye kulira. Wachinayi anaima chapambali, akuyang'ana msewu. Ndiye amene anati, "Basi, zakwana, tiyeni."

Mawu amenewo ndimawamva tsiku lililonse akupempha mchere. Jekete labuluu, chigamba pachigongono, anasoka Amayi. Trevor.

Anandiona. Tinayang'anana, ine bondo limodzi pansi, pini m'manja. Kenako galimoto inapita.

Sindinakuwe. Sindinapite kwa Fintan. Anthu atayamba kutsika masitepe, ndinathawa kutsata Gillian.

Lachitatu, 12 Epulo

Patebulo tonse anayi. Abambo ndi nkhani yawo ya anthu amene akuchotsedwa ntchito kopangira sitima zam'madzi. Amayi akukazinga buledi wa mbatata. Trevor akudya bwinobwino, mpaka kuwonjezera. Wandipatsa batala ndisanapemphe. Amayi akuti, "Taonani ana anga akukondana lero."

Munyuzipepala mizere yochepa pansi pa tsamba. Mnyamata wavulazidwa kudoko, apolisi akupempha amene anaona kuti akanene. Abambo aikulungira makoko a mbatata.

Gillian ndamuuza pang'ono chabe, kuti ndinalipo. Sanandilole kumaliza. Akuti iye sanaone kanthu, inenso sindinaone kanthu. "Ukufuna akuotchereni nyumba, iwe?"

Lachisanu, 14 Epulo

Andiitana kuofesi, akuti foni yanga. Sindinaimbiridwepo foni kuntchito.

Dympna. Mawu osasa. Fintan ali m'chipatala, zala zonse za kumanja zothyoka, kumanzere ziwiri, nsagwada zomangidwa ndi waya. "Wina akuti unali pakhomo. Nkhope zawo unaziona?" Ndinati anali atabisa kumaso. Si bodza lonse. Kenako nkuti, "Chabwino. Ubwere udzamuone. Anzake ambiri akuopa kubwera."

Mlembi wa muofesi ankamvetsera, zala zili pamakina, osataipa. Nditabweza foni anafunsa kuti Dympna ameneyu ndi wakuti. Ndinati ndi wa kusitolo ya nsalu, za diresi langa. Anangokweza nsidze.

Lamlungu, 16 Epulo

Kuseri kwa nyumba, kosungira malasha. Ndinali kudzaza chidebe, Trevor anabwera nkutseka chitseko cha kukhitchini kumbuyo kwake. Koyamba kukhala awiriwiri chichitikireni zija.

Iye ndiye anayamba. "Ukuganiza tinapita kuja kukafuna woimba ng'oma?"

Akuti kukalabu kunamveka kuti atsikana a dera lathu akuvina ndi Akatolika kudoko. Akuluakulu analamula kuti agwire mmodzi, amumete mpala, amupake phula, amumangirire pamtengo wa magetsi kuti ena atengerepo phunziro. M'galimoto munali lumo ndi chitini cha phula. Anadikira kuti anthu achepe. Atachepa, pakhomo panatsala mtsikana mmodzi, wowerama.

"Malaya a Abambo ndinawazindikira. Enawo anali asanakuone bwino. Mnyamata uja atatuluka ndinati, uyo, ndiye amawakopa. Ndinaloza iye kuti asaloze iwe. Iweyo ukanatani?"

Ndinamufunsa kuti galimotoyo anaikwereranji poyamba. Akanakhala mwana wa eni ake pakhomo paja, akanamumeta? Anangoti, "Ukatsegula pakamwa, ine kundende kapena m'ngalande. Amayi ndi Abambo panja." Anandilanda chidebe nkulowa nacho m'nyumba.

Zoona kapena bodza, sindikudziwa. Trevor anali wabodza kuyambira ali mwana, koma akanama amaseka. Lero sanaseke.

Zikakhala zoona, zala za Fintan zinathyokera ine.

Lachitatu, 19 Epulo

Nditaweruka, mabasi awiri, mpaka mbali ya tauni imene sindinapondeko. Ndinavula kabaji ka kutchalitchi pajekete ndisanatsike.

Fintan manja onse m'chikhakha, akumwa supu ndi kapaipi. Amalankhula mano ali otseka. Anandikumbukira. "Uja wogwa uja." Akuti akachira azimenya ng'oma ndi zigongono, palibe adzamve kusiyana. Tinaseka. Dympna anandinong'oneza kuti dokotala akuti dzanja lamanja silidzapindanso bwino. Fintan ankaphunzira ntchito yokonza magetsi. Yatha imeneyo. Mwini wake sanamuuze.

Mayi awo, Mayi McAteer, anandigwira tsaya. "Mwana wabwino iwe, wadutsa tauni yonse. Amayi ako anakulera bwino." Anandikakamiza bisiketi. Ndinangoigwira m'manja, osaidya.

Pakona panakhala amalume awo awiri, majekete achikopa, osaseka ngakhale pang'ono. Mmodzi anafunsa Dympna kuti ndimakhala msewu uti. Iye anati, "Ndi mnzanga, Amalume, basi."

Dympna anandiperekeza mukhonde. Sindinakonzekere. Zinangotuluka: ndinaona, mmodzi wa omenya Fintan ndi mchimwene wanga. Za lumo ndi phula sindinanene, zikanamveka ngati ndikumuikira kumbuyo.

Dympna magazi anamuchoka kumaso. Anayang'ana kuchitseko kumene kunali amalume aja. Kenako anandikankhira kukhoma, pakamwa pake pafupi ndi khutu langa. "Mawu amenewo usawabwerezenso muno. Aja akamva, mchimwene wakoyo Lamlungu safika. Kenako anzake abwera kwa ife. Ukumva?" Anandisiya. "Wandisenzetseranji zimenezi? Choka."

Ndinayenda wapansi mpaka m'tauni, basi ndinaiwala.

Lachisanu, 21 Epulo

Galimoto iliyonse ikachepetsa liwiro mumsewu wathu, ndili pawindo. Trevor akachedwa, chakudya sichilowa. Ndikudana naye, ndikumudikiranso. Dzulo wina anagogoda mwamphamvu, ndinagwetsa kapu. Anali wogulitsa mkaka.

Amayi akuti ndawonda, andigulira mankhwala a magazi.

Dympna zii. Wanena kapena sananene?

Gillian akuti mawa aimbanso kuja, zolowera pakhomo zonse apatsa Fintan, ndipo pang'oma pakhala Dympna. Gillian sapita. Akuti panki yamukwana, wabwerera ku disiko.

Lamlungu, 23 Epulo

Ndinapita, ndekha. Malaya wamba, tsitsi logona.

Anthu ochuluka kuposa poyamba, mpaka pamasitepe. Panja, madoda a kudoko aja anaima pamzere, mabotolo m'manja, akuyang'ana galimoto iliyonse yodutsa. Palibe anawapempha. Mmodzi anandiuza kuti nyimbo zathu ndi zonyansa, koma mwana samenyedwa pakhomo pawo kawiri.

Dympna sadziwa kuimba ng'oma. Amathamanga, amatsalira, a magitala kumangomutembenukira. Ndodo imodzi inathyoka, anapitiriza ndi chidutswa chake. Woimba anatchula dzina la Fintan, chipinda chonse chinaliyankha mpaka matabwa apansi kugwedezeka. Ine kumbuyo, msana kukhoma. Pakamwa panga sipanatseguke.

Dympna sanandiyang'ane, koma anandiona. Atatha anandipeza pamasitepe, thukuta likuchucha, matuza ataphulika m'manja.

"Sindinauze munthu. Fintan sadzadziwa, Amayi sadzadziwa, amalume sadzadziwa. Koma usabwerenso, Hazel. Ndikakuona ndimaona zala zake."

Ndinavomera ndi mutu. Anatsika nane mpaka pakhomo, anauza mmodzi wa madoda aja kuti andiperekeze kubasi. Osatsanzika. Anakwera kukapasula ng'oma.

Lero kutchalitchi sindinapite, ndati mutu ukupweteka. Amayi ndi Abambo apita. Nyumba zii. Trevor wakwera masitepe pang'onopang'ono, waima pachitseko changa osagogoda. Nthawi yaitali. Kenako, motsitsa mawu, "Hazel. Mnyamata uja. Manja ake achira?"

Akadali pomwepo, ndikuona mapazi ake pansi pa chitseko