Chithunzi cha pa chiliza

Lolemba, 4 Malichi 2024

Masiku 357 chitsikireni matope ku Manje. Anakokolola nyumba, ma alubamu 3, amuna anga a Laurenti. Chiliza tivundukula pa 16. Womanga akufuna chithunzi chawo pofika Lachisanu. Ndilibe ngakhale chimodzi. Foni yawo inapita, koma zithunzi akuti zimatsala mu akaunti. Nambala yawo ndinaibwezeretsa, simukadi ili mufoni mwanga.

Lachiwiri, 5 Malichi

Ku situdiyo ya zithunzi ya a Hajara, ku Zingwangwa. Masitepe 1,140 kuchokera pano pomwe ndikuchita lendi. Anafotokoza bwino. Kompyuta yawo siilowa yokha. Imapempha kwa seva, kompyuta yaikulu yosunga akauntiyo, seva imatumiza nambala ku foni yanga, tikailemba imapereka chilolezo cha ola limodzi.

Nambala inabwera, manambala 6. Ndinaikopera m'kabuku, n'kuiwerenganso kawiri monga ndinkachitira ndi malikisi a ana zaka 34. Pomwe ndimawapatsa, inali itafa kale. Imakhala masekondi 60 okha. Katatu chimodzimodzi. Atitsekera maola 48.

"Aphunzitsi, imeneyi sasunga ayi. Mukuyesa ndi nambala ya chitupa?" A Hajara anaseka. Ine ayi.

Lachitatu, 6 Malichi

Mvula. Sindinatuluke. Ndayesa kukumbukira nkhope ya a Laurenti. Chipewa ndikuchiona, mpata wa mano ndikuuona. Maso akukana.

Lachinayi, 7 Malichi

Tikalakwitsanso kawiri, akuti atseka mwezi wathunthu. A Hajara anandilanda cholembera n'kuchiika m'thumba lawo. Ndinawerenga mokweza, kamodzi kokha, osabwereza. Masekondi 19. Akaunti inatseguka.

Zithunzi 412. Tinaona chimodzichimodzi. Chimanga cha kuseri kwa nyumba, 58. Kwaya ya kutchalitchi, 31. Malisiti, mbuzi, denga lomwe ankakhoma. Ine, 287. Ndikuchapa, ndikusinza pampando, ndikuchonga makope, ndikukalipa. Sindinadziwe kuti ankandijambula.

Iwo palibe. Ndinati tibwerezenso. Palibe. Foni inali m'manja mwawo nthawi zonse.

Ola linatha tikubwereza kachitatu, tili pa chithunzi cha 390. A Hajara anafunsa ngati tipemphenso chilolezo china. Ndinati ayi.

Lachisanu, 8 Malichi

Ndauza womanga: dzina, zaka, basi. Malo a chithunzi asalaze.

A Hajara anditumizira chimodzi chomwe anasunga dzulo, sindinapemphe. Ndili pakhonde la ku Manje, ndatembenuka, ndikuseka. Ndikuyang'ana amene wagwira foni. Ndachiyang'ana kuyambira m'mawa. Kangati, sindikudziwa.