Mvula ya Msuweni Wanga

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira mwendo uja wasiya kuvuta. Kuno tili bwino, ntchito ikuyenda. Tsopano ndikutsogolera mainjiniya makumi anayi, ndipo makina athu oyezera mvula afika zikwi zitatu. M'mawa uliwonse manambala amakhala atafika pa kompyuta yanga ndisanavule n'komwe jekete. Aja ankati mkazi sangathe, lero amagogoda asanalowe.

Lamulo langa ndi limodzi: makina akafa, nena kuti afa. Pamene pasowa nambala sindidzudzula munthu, koma nambala yopeka ndiye ayi, chifukwa alimi amadzala potengera zimenezi.

Mwana wanu, msuweni wanga, akunenepa ndithu, ndipo anzake amamukonda. Kungoti makina khumi ndi awiri amene ndinamupatsa kuti aziyang'anira akhala akuonetsa mvula yofanana ndendende mwezi wathunthu. Dzulo ndinapitako ndekha. Atatu ndinapeza mavu atamangamo zisa. Nditamufunsa anangoseka, amvekere, "Asuweni, mvula ndi mvula basi."

Lolemba ndikaonekera kwa mabwana, ndipo sindinayambe ndawanamizapo. Musade nkhawa, chochita ndikuchidziwa.

Kodi m'chipinda chake chija mukusungirabe matumba? Muyambe kuwatulutsa.

Ndine,
Mwana wa achimwene anu