Abambo M'buku la ku Yunivesite

Ndirande, Blantyre
9 Novembala 1996

Okondedwa achimwene a Hawkins,

Muli bwanji kumeneko ku Mzuzu pamodzi ndi alamu a Constance? Chifuwa chija chinakusiyani? Ife kuno tilipo, kungoti amayi mwendo ukuwavutabe. Mvula sinayambe, ndi fumbi lokhalokha.

Sukulu ikuyenda. Chaka chino ku yunivesite ya Poly tikuphunzira za kayendedwe ka magalimoto, mmene tingakonzere misewu yokhalitsa komanso yosapha anthu. Aliyense anauzidwa kuti asankhe malo okafufuza. Ine ndinasankha mphambano ya pafupi ndi msika wathu uno. Masabata awiri ndinakhala pamenepo ndi kope, kuwerenga maminibasi, malole ndi njinga. Mnzanga Shamsa ndiye ankajambula zithunzi.

Achimwene, nkhani yagona apa.

Tsiku lofotokoza zimene tinapeza, Shamsa anaonetsa chithunzi cha bambo akukankha njinga ya matumba atatu a makala pakati penipeni pa msewu, minibasi ili kumbuyo kwake. Kalasi yonse inaseka. Ine sindinaseke, chifukwa ndinaizindikira jekete ija munawasiyira. Anali abambo athu.

Aphunzitsi anandifunsa kuti vuto pamenepa n'chiyani. Ndikanatha kunena kuti awa ndi abambo anga. Koma ndinayang'ana anzanga otchena aja, n'kuyankha m'Chingerezi kuti vuto ndi umbuli wa anthu osadziwa ntchito ya msewu. Anandiombera m'manja. Mawu omwewo ndinawalemba pansi pa chithunzicho mu lipoti langa, ndipo ndinakhoza kuposa onse.

Lipotilo ndinaliiwala patebulo kunyumba. Abambo atadziona m'menemo anakapukuta kaye m'manja, kenaka anakuwa kuti, "Mayi a Hawkins, tabwerani mudzaone! Mwana wandiika m'buku la ku yunivesite!" Anathamangira nalo kwa a Laurenti oyandikana nafe aja, amene nawonso Chingerezi sadziwa. Panopa analikulunga m'pulasitiki, lili m'sutikesi pamodzi ndi kalata yawo ya ukwati.

Nditalimba mtima ndinawafunsa chifukwa chake amayenda pakati pa msewu. Anandiuza mosavuta kuti m'mbali phula linadyeka, ndipo muli ngalande yosavundikira, moti njinga yolemera ikangotsetserekera pamenepo imapita nawe. Chaka chatha anagweramo n'kung'ambika bondo, ife osatiuza. Akuti bola hutala ya minibasi kusiyana ndi dzenje.

Masabata awiri athunthu pamalo amenewo, ine ngalandeyo sindinaione. Maso anga anali pa magalimoto basi.

Lolemba ndinapita kwa aphunzitsi. Ndinawauza kuti bambo wa pachithunzi uja ndi wondibereka, ndipo ndinapempha kulembanso lipotilo, loti pakhale njira ya njinga ndi ya oyenda pansi, ngalandenso ivundikiridwe. Anavomera, koma akuti malikisi oyamba aja afufuta. Zimenezo sizikundiwawa.

Chikundisowetsa mtendere n'chakuti abambo akudikira inu pa Khirisimasi kuti mudzawawerengere mawu ali pansi pa chithunzi chawo. Atandifunsa tanthauzo lake ine n'kufuna kuzemba, anaseka n'kunena kuti ndingawakometsere, koma Hawkins sanama.

Sindikukupemphani kuti mudzaname. Ndikufuna ndidzawamasulire ndekha, liwu ndi liwu, ndiwauzenso kuti ndinawakana pagulu. Ndayesa kawiri, koma akanditembenukira ndi nkhope yosangalala ija, ndimathawira ku nkhani zina. Chonde mudzangokhala pambali panga kuti ndisadzathawenso. Mukafuna kundikalipira, mudzatero pambuyo pake, ndidzamvera.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa mwana wanu Monika wamng'onoyo. Amayi akuti muzivala zofunda. Mulungu akusungeni, ndipo mudzayende bwino pamsewu.

Ine mlongo wanu,
Tithokoze